Ng'ombe yachikasu ya Franz Marc: chithunzi chotere timachimasulira bwanji?

Nthambi_Yaiwisi

Akuluakulu odziwa zojambulajambula, ndithandizeni. Ndikufunika kulemba masamba awiri omasulira chithunzi cha 1911 cha Franz Marc, wojambula wa ku Germany, chija ng'ombe yachikasu ikudumpha kutsogolo kwa mapiri a buluu. Paliponse pamene ndawerenga akungobwereza zofanana: chikasu ndi mkazi, buluu ndi mwamuna, kufiira ndi nthaka. Ndikalemba zimenezo, mizere itatu yokha nkhani yatha. Kodi kumasulira chithunzi cha Expressionism (kajambulidwe kokuza mitundu ndi maonekedwe pofuna kuonetsa zam'mtima) ndi kumeneku basi? Ndiyambire pati, ndipo ndingadziwe bwanji kuti zimene ndikunenazo zili pa chinsalupo, osati m'mutu mwanga mokha? Funso lachiwiri: ng'ombeyi ndi ng'ombe, kapena ikuimira munthu?

Aphunzitsi_Choko

Achemwali, mawu atatu mwapezawo si abodza, koma mwawatola msanga. Asungeni kaye pambali, mudzawafuna kumapeto.

Yambani ndi kukula kwa chithunzicho. Die gelbe Kuh (dzina lake m'Chijeremani, kutanthauza ng'ombe yachikasu) ndi penti wamafuta pa chinsalu, masentimita 140.5 kutalika ndi 189.2 m'lifupi, ndipo chili ku Solomon R. Guggenheim Museum ku New York. Pa foni ya masentimita 15 mukuchiona chitachepa maulendo oposa 12 mbali iliyonse. Tengani tepi, muyeze 189 ndi 140 pakhoma, muike zizindikiro m'makona anayi, kenako muime masitepe atatu kuchokera pakhomapo. Mudzaona kuti ng'ombeyo si kachidole. Ikudzaza pafupifupi m'lifupi monse, ndipo munthu woima pamaso pake amamva ngati afunika kupatuka. Amene amalemba kuti chithunzichi ndi "chokongola ngati cha ana" kawirikawiri amakhala atachionera pa kagalasi kakang'ono. Komanso chithunzi chogwiritsa ntchito chitengeni pa tsamba la myuziyamu yeniyeniyo, chifukwa makope ambiri a pa intaneti anawonjezeredwa ukali wa mitundu, chikasu n'kusanduka ngati olenji.

Mukatero, khalani mphindi khumi ndi pepala, mulembe zokhazo zimene chala chingaloze. Mawu ngati chimwemwe, ufulu, chikondi asalowe pa pepala limeneli. Mulembe: ng'ombe yaikazi yachikasu, miyendo yakumbuyo ili m'mwamba, mutu wadzutsidwa, khosi lapindika, mawanga a buluu pathupi, bere loyera, mathunthu akuda a mitengo opanda masamba, mapiri osongoka a buluu, ting'ombe tofiira chakumbuyo, nthaka ya zigamba zofiira, za olenji ndi zobiriwira. Anthu ambiri ting'ombe tofiirato satiwona n'komwe pa mphindi ziwiri zoyambirira, pamene ndi timene tikuthandizeni kwambiri pomasulira.

Gawo limene ndimaliona kuti ndi lofunika koposa ndi la mizere. Sindikizani chithunzicho pa pepala la A4, muike pepala loonekera pamwamba, mutenge mapensulo atatu osiyana mitundu. Ndi yoyamba tsatirani mizere yonse yokhota: mchira, msana, khosi, mimba, zitunda. Ndi yachiwiri tsatirani mizere yoimirira, imene kwenikweni ndi mitengo. Ndi yachitatu tsatirani zosongoka za makona atatu, ndiwo mapiri. Mukachotsa chithunzi pansi n'kutsala ndi pepala loonekera lokha, mudzaona mafupa a chithunzicho: thupi la ng'ombe lapendekeka kudutsa chinsalu, mzere umodzi wautali woyenda ngati funde kuchokera kumchira mpaka kumphuno, ndipo mitengo yaima chilili ngati nsanamira kuugwira mzere umenewo. Phimbani mitengoyo ndi zala. Ng'ombe imaoneka ngati ikutsetsereka kutuluka m'chithunzi. Chotsani zala, imabwerera pamalo pake. Apa mwapeza chiganizo choyamba chimene mungachiteteze pamaso pa aliyense: kudumphako kuli ndi mphamvu chifukwa pali zinthu zosasuntha zimene diso likukuyerekeza nazo.

Kenako chotsani mitundu yonse, chikhale chakuda ndi choyera. Foni iliyonse imatha. Chotsala ndi kuwala ndi mdima basi. Ng'ombe yaikulu imatulukira poyera, mitengo ndiyo yakuda kwambiri, koma ting'ombe tofiira tija timamira m'nthaka yotizungulira, chifukwa kufiira kwake n'kolemera mofanana ndi kwa nthakayo. Ndiye kuti wojambula waika ng'ombe za mitundu iwiri: zina zomatirira ku dothi, mitu pansi, ndi imodzi yanyamuka. Kusiyana kumeneko mwakuona ndi maso anu musanatsegule kalata iliyonse ya Marc.

Cholakwika chofala n'kuyamba ndi tanthauzo kenako n'kumasakasaka umboni. Munthu wotero amangoona zimene zikugwirizana naye, zina zonse amazidumpha.

Mai_Utoto

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, koma ndiwonjezere pa nkhani ya mitundu, chifukwa mawu atatu aja anadulidwa pakati.

Akuchokera m'kalata imene Marc analembera mnzake August Macke pa 12 December 1910. N'zoona kuti m'menemo buluu anamutcha wachimuna, wouma mtima ndi wauzimu, chikasu chachikazi, chofatsa ndi chansangala, ndipo kufiira anakutcha zinthu zogwirika, zolemera ndi zankhanza, zimene mitundu iwiri ija iyenera kulimbana nazo. Koma kalatayo sithera pamenepo. Mbali yotsatira ikukamba zosakaniza. Akuti ukathira kufiira mu buluu, buluuyo amasanduka chisoni chosapiririka, ndiye pamafunika chikasu kuti chitonthoze. Ukasakaniza kufiira ndi chikasu n'kupeza olenji, chikasu chofatsa chija chimalusa, ndiye buluu wozizira amafunika pafupi. Ukasakaniza buluu ndi chikasu n'kupeza mtundu wa msipu, wadzutsa kufiira. Mukuona kuti munthuyu sankalemba mtanthauziramawu. Ankalongosola mmene mtundu umodzi umaitanira unzake. Choncho funso loyenera si lakuti chikasu chikutanthauza chiyani, koma lakuti chikasuchi chagundana ndi chiyani, ndipo chikuchita chiyani pamenepo.

Yesani nokha. Dulani timapepala tiwiri tachikasu tofanana, masentimita 3 mbali zonse. Kamodzi kaikeni pa pepala la buluu woderako, kena pa pepala la olenji. Pa buluu kamawala ngati nyali, pa olenji kamazilala. Ndiye bwererani ku chithunzi, muone mbali ziti za thupi la ng'ombe zagundana ndi mitundu yozizira yakuda, ndi mbali ziti zagundana ndi nthaka yotentha. Pamene pali kusiyana kwakukulu ndi pamene diso limathamangira. China: yang'anitsitsani kapepala kachikasu masekondi 30 osaphethira, kenako muyang'ane khoma loyera. Mudzaona chithunzithunzi cha mtundu wapakati pa buluu ndi pepo. Diso lenilenilo limafuna mtundu wotsutsana nawo, ndipo ojambula a nthawi imeneyo ankazidziwa bwino. Marc anafika poyang'ana galu wake woyera ali pa chipale chofewa kudzera m'galasi la makona atatu logawa kuwala, kuti aone mitundu imene imabadwa m'malire mwa zinthu ziwiri.

Mawanga a buluu pa ng'ombeyo musawaiwale. Akanakhala akuda kapena oyera, ng'ombe ikanaoneka ngati yodulidwa kwina n'kumatidwa pamenepo. Popeza ndi a buluu, akulumikiza thupi lake ndi mapiri akumbuyo, ndipo diso limayenda uku ndi uku pakati pa ziwirizo.

Kuti mutsimikize kuti mtundu ulibe tanthauzo limodzi lokhazikika, onani Der Tiger, chithunzi cha Marc cha nyalugwe cha 1912, ku myuziyamu ya Lenbachhaus ku Munich. Chilombocho n'chachikasu, chomangidwa ndi zidutswa zamakona akuthwa ndi zakuda, diso lili tcheru. Palibe angachitche chofatsa. Chikasu chomwecho, chikakhala m'mizere yokhota chimavina, chikakhala m'makona chimaopseza. Ndipo Wassily Kandinsky, amene pamodzi ndi Marc anayambitsa gulu la ojambula la Der Blaue Reiter mu 1911, ankaona chikasu ngati mtundu waukali wolumphira munthu kumaso, wofanana ndi kulira kwa lipenga. Anthu awiri a gulu limodzi, chaka chimodzi, maganizo osiyana. Ndiye musatenge mfundo za Marc n'kukaziika pa chithunzi cha wojambula wina aliyense wa Expressionism.

Kakang'ono koma kofunika polemba m'Chichewa: mawu akuti "obiriwira" ena amawagwiritsa ntchito pa msipu ndi pa thambo pomwe. M'chithunzi ichi kusiyana kwa ziwirizo ndiye nkhani. Nenani "buluu" pa mapiri ndi mawanga, "obiriwira" musungire zomera.

Wa_Ziboda

Pa funso lanu lachiwiri, achemwali, ine ndikuti yambani mwaipatsa ulemu ngati ng'ombe.

Pamene ankajambula chithunzichi, Marc ankakhala ku Sindelsdorf, mudzi wa ku Upper Bavaria kummwera kwa Munich, m'tsinde mwa mapiri a Alps. Dera limenelo ndi la msipu ndi ng'ombe zamkaka. Mtundu wakale wa ng'ombe za kumeneko, Murnau-Werdenfelser, uli ndi ubweya woyambira pa chikasu cha udzu wouma kufika pa kufiirira. Mapiri akutali amaoneka a buluu kwa wina aliyense chifukwa cha mpweya umene uli pakati. Ndipo ng'ombe zimene zatsekeredwa m'khola miyezi yonse yozizira, tsiku loyamba kuzitulutsira kubusa zimathamanga, kuponya mateche ndi kuimika michira, ngakhale zikuluzikulu zomwe. Ndiye chikasu, buluu ndi kudumpha, zonse zitatu zili ndi muzu m'zinthu zooneka. Wojambula sanazipeke, wazikoka mpaka pamapeto. Expressionism kwenikweni imagwira ntchito motero: kutenga chimene chilipo, kuchotsa zosafunika, n'kukuza chotsalacho mpaka chimveke m'thupi mwa woonera.

Pali njira yosiyanitsira kupotoza kwadala ndi kulephera kujambula. Marc anaphunzira mafupa ndi minofu ya nyama mozama, ankajambula nyama ku zoo ya ku Berlin, ndipo kwa kanthawi ankapeza ndalama pophunzitsa ena kapangidwe ka matupi a nyama. Ikani chithunzi cha kamera cha ng'ombe yodumpha pambali pa chakechi, muwerenge mfundo za miyendo. Mudzapeza kuti phewa, chigongono, bondo ndi chiuno zili m'malo mwake ndipo zikupindikira koyenera. Chimene wasintha ndi kutalika kwa msana, kufewa kwa khosi ndi kulemera. Ng'ombe yeniyeni ya makilogalamu 500 ikadumpha imagwa ndi mdidi, koma iyi ikuyandama. Polemba, tchulani chimene chasungidwa ndi chimene chasinthidwa. Tanthauzo limakhala pa chosinthidwacho.

Marc analembanso m'zolemba zake funso lakuti kodi hatchi, mphungu kapena gwape amaliona bwanji dziko, ndipo ankadandaula kuti ojambula amaika nyama m'malo ooneka ndi maso a munthu mmalo molowa mu mtima wa nyamayo. Mukalitenga funso limeneli, chithunzi chimatembenuka. Nthaka yogwedezeka ngati mafunde, zigamba za mitundu zopanda malire enieni, sizikhalanso "malo okongola akumudzi". Zimakhala mmene dziko limamvekera kwa cholengedwa chimene chili m'kati modumpha. Umboni wina uli pa Die großen blauen Pferde, cha 1911 chomwecho, chimene chili ku Walker Art Center ku Minneapolis: mahatchi atatu a buluu aweramitsa mitu, ndipo kukhota kwa misana ndi matako awo kwabwerezedwa ndendende m'zitunda zofiira zakumbuyo. Nyama ndi dziko zapangidwa ndi mzere umodzi.

Za munthu: katswiri wa mbiri ya zojambula Mark Rosenthal anamasulira kuti ng'ombe yachikasu ndi Maria Franck, amene anadzakhala mkazi wa Marc, mapiri a buluu ndi Marc mwini, ndipo chithunzi chonse chili ngati cha ukwati wawo. Maziko ake alipo. Mu 1911 awiriwa anapita ku London ndi cholinga chokakwatirana, ndipo ukwati wovomerezeka ku Germany unachitika mu 1913. Kalata ya mitundu ija inalembedwa miyezi yochepa chabe chithunzicho chisanajambulidwe. Koma ine kumasulira kumeneku ndimakuona kuti n'kopapatiza. Ng'ombe yodumpha yomweyo ikupezekanso pa chithunzi china cha ku Lenbachhaus, Kühe, rot, grün, gelb, ili pamodzi ndi inzake yofiira ndi ina yobiriwira. Kumeneko n'zovuta kunena kuti ndi mkwatibwi. Zikuonetsa kuti kaimidwe kameneka kanali chinthu chimene wojambula ankachifufuza pachokha.

Nthambi_Yaiwisi

Zikomo kwambiri nonse, ndayesa za pepala loonekera ndipo mitengo ija yandidabwitsa. Ndiye za ukwatizo ndizisiye? Komanso ndawerenga kuti Marc anafera ku nkhondo. Kodi ndinganene kuti mitengo yakuda yopanda masambayo ikulosera imfa?

Aphunzitsi_Choko

Za ukwati musazisiye, koma muziike pa mlingo wake. Chiganizo chilichonse chimene mulembe chili mu limodzi mwa magulu atatu, ndipo mawu anu aonetse gulu lake. Zooneka pa chinsalu muzinene mosazengereza: "ng'ombe yapendekeka kudutsa chithunzi." Zochokera m'makalata ndi m'mbiri muzinene ndi mwini wake ndi chaka: "m'kalata ya 1910 Marc anagwirizanitsa chikasu ndi chikazi." Zoganiza, kaya zanu kaya za katswiri, muzinene ngati zoganiza: "Rosenthal akuona apa chithunzi cha ukwati." Vuto limabwera pamene gulu lachitatu lavala zovala za gulu loyamba, munthu n'kulemba kuti "ng'ombeyi ndi Maria" ngati dzinalo lalembedwa pamphumi pake.

Za imfa, ayi, pamenepo ndikukanizani. Marc anaphedwa pa 4 March 1916 pafupi ndi Verdun ku France ali ndi zaka 36, ndipo nkhondoyo, yoyamba ya dziko lonse, inayamba mu 1914. Chithunzi chanu ndi cha 1911, ndipo chinaonetsedwa pa chionetsero choyamba cha Der Blaue Reiter chimene chinatsegulidwa pa 18 December 1911 ku Galerie Thannhauser ku Munich. Kutenga zimene zinachitika zaka zisanu pambuyo pake n'kuzilowetsa m'mitengo n'kuwerenga chammbuyo. Mitengoyo mwaona kale ntchito yake: ikugwira chithunzi kuti chisatsetsereke, ndipo kuda kwake kukuwalitsa chikasu. Ngati mukufuna kunena kuti ikubweretsa kulemera kapena kuuma pakati pa chisangalalo, mungathe, chifukwa zimenezo zikuoneka. Ulosi suoneka.

Mukafuna kuona mmene mantha amaonekera m'dzanja la munthu yemweyu, tsegulani Tierschicksale (tsogolo la nyama) ya 1913, ku Kunstmuseum Basel. Mu 1912 Marc anakumana ndi wojambula Robert Delaunay ku Paris ndipo anaonanso ntchito za ojambula a Futurism a ku Italy, okonda kuonetsa liwiro ndi kuyenda kwa zinthu, ndiye kajambulidwe kake kanasintha. Mizere yokhota yofewa ija yatha. Chinsalu chonse chang'ambidwa ndi mizere yakuthwa yopingasana, mitengo ikugwa, gwape wa buluu pakati wakweza khosi m'mwamba. Onani bwino: khosi lokwezedwa lili pa zithunzi zonse ziwiri. Pa ng'ombe likutha ndi funde lofewa, pa gwape lakhala pansi pa mtengo ukugwa ngati likudikira nkhwangwa. Kaimidwe kamodzi, matanthauzo awiri otsutsana, ndipo chosiyanitsa ndi mizere imene yazungulira nyamayo. Chithunzi cha gwapechi Marc mwini, ataona kope lake pa positikhadi ali kunkhondo mu 1915, analembera mkazi wake kuti chikuoneka ngati chinalosera nkhondoyo. Apo pali umboni wa mwini wake, ndipo ngakhale pamenepo anazindikira pambuyo, osati pojambula.

Chithunzi chomwechi chili ndi msampha wina wophunzitsa. Mbali yake yakumanja, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndi yoderako ngati dothi. Ophunzira ambiri amalemba kuti wojambula anafuna kusonyeza dziko lopserera. Zoona zake n'zakuti chithunzicho chinapsa ndi moto mosungiramo katundu mu 1916, Marc atamwalira kale, ndipo mnzake Paul Klee ndiye anakonzanso mbali imeneyo ndi mitundu yoderako, ndipo aliyense angathe kuona pamene pathera dzanja la Marc. Choncho musanamasulire mtundu uliwonse wachilendo, werengani kaye zimene myuziyamu yalemba za mbiri ya chinsalucho.

Pa masamba anu awiri, ine ndikanagawa motere: theka la tsamba kulongosola zooneka, tsamba lathunthu pa mizere, kuwala ndi kugundana kwa mitundu, ndime imodzi pa kalata ya 1910 ndi Sindelsdorf, ndime imodzi pa maganizo a Rosenthal ndi pamene inu mwaima. Mbiri ya moyo wa wojambula isapitirire mizere inayi.

Mlonda_wa_Zithunzi

Onse akamba bwino, koma pali chimodzi chimene sichinatchulidwe: lembaninso zimene mulibe m'chithunzimo. Awa ndi malo a ziweto, koma mulibe mbusa, mulibe mpanda, mulibe khola, chingwe, ndowa ya mkaka kapena denga la nyumba. Ojambula zakumudzi a ku Munich a m'badwo wam'mbuyo, monga Heinrich von Zügel amene ankaphunzitsa kujambula nyama ku akademi ya kumeneko, ankaonetsa ng'ombe ndi nkhosa monga ziweto zenizeni pa kuwala kwa dzuwa lenileni, nthawi zambiri zili pa ntchito kapena ndi woziweta. Marc wachotsa chilichonse chosonyeza kuti nyamayi ili ndi mwini. Bere lokha ndilo likukumbutsa kuti ndi ng'ombe yamkaka. Ikani chithunzi chimodzi cha Zügel pambali pa ichi, mulembe zinthu zisanu zimene zili uko koma kuno kulibe, ndipo mawu akuti "ufulu" amene aphunzitsi anakuletsani poyamba paja mudzakhala mwawapezera umboni.

Onaninso mthunzi. Funani pansi pa ng'ombeyo mthunzi wogwa mbali imodzi umene ungakuuzeni kumene kuli dzuwa ndi nthawi ya tsiku. Simuupeza wooneka bwino. Kuwala sikukuchokera kunja, kukuoneka ngati kukutuluka m'thupi lachikasulo. Pa chithunzi chakuda ndi choyera chimene mwapanga kale chija, ikani kadontho pa malo asanu owala kwambiri, muwerenge angati ali pa ng'ombe ndi angati ali kumwamba kapena pa nthaka.